Mchere Umene Ndinakana Kuthira

Mpaka lero munthu akabwera pakhomo panga n'kulawa ndiwo, ine ndimayang'ana pakamwa pake. Akangotsinya nkhope pang'ono, mtima umayamba kundifunsa kuti ameneyu wamva zotani za ine. Ndi khalidwe loipa, ndikudziwa. Koma linandilowa ku Area 25, zaka zija matipate atangoyamba kumene, ndipo silinatulukenso.

Tinkakhala m'nyumba ya lendi, ine, abambo a kunyumba kwanga ndi ana athu awiri otsiriza. Akuluakulu anali atapita kale kumabanja awo. Ine kwathu ndi ku Mulanje, iwo kwawo ku Dedza. Ankagwira ntchito ku Kanengo pa kampani ina ya fodya. Anayamba ndi kusenza mabelo, koma pofika nthawi imene ndikunenayi anali kapitawo, ntchito yawo kukalipira anyamata ndi kudya bwino. Anali munthu wa thupi, khosi lamakwinya kumbuyoku, wokonda kanyenya wa nkhumba woviika mumchere ndi tsabola. Lachisanu sankabwera molunjika kunyumba. Ankatsika minibasi pa mabala a mowa a kumsewu, n'kufika akununkha utsi wa nyama ndi fungo lina limene sindinkalidziwa mwini wake.

Chinayamba ndi mutu wa kunkhongo. Kenaka kamfuno. Tsiku lina anabwerako dzuwa likadali pamutu, thonje lili m'mphuno.

"Mayi, mawa muvale bwino," anatero. "Adokotala a kukampani akuti ndipite ndi amene amandiphikira."

"Ndiye mwasankha ine?"

"Enawo atanganidwa," anayankha akuseka.

Nanenso ndinaseka. Nthabwala imeneyo ndinadzaikumbuka pambuyo pake, ili yosaseketsanso.

Kiliniki inali mkati mwa mpanda wa kampani, kopanda chilolezo mlonda sakulowetsa. Adokotala ake anali bambo wamfupi wa mandala. Anawakulunga abambo chinsalu pamkono, kupopa, kumvetsera, kenaka kupukusa mutu. Anati ndi bipi, kuthamanga kwa magazi, ndipo yakwera moopsa. Anawatuma abambowo kuwindo kukatenga mapiritsi. Ine ndinatsala ndekha ndi adokotalawo. Chimenechi muchisunge, pakuti mlandu wanga wonse unagona pamenepa: mawu amene ananena kenaka, palibe wina anawamva koma ine.

"Amayi, mvetserani," anatero. "Impso zathuzi zimatulutsa kanthu kena m'magazi. Ntchito yake ndi kufinya mitsempha kuti magazi aziyenda mwamphamvu, ndiponso kuuza thupi kuti lisunge mchere ndi madzi. Munthu akavulala n'kutaya magazi ambiri, kanthu kameneka ndi kamene kamamugwiriziza. Koma mwa amuna anuwa kakufinya osapumira. Tsono mitsempha ya mu ubongo ndi yaing'ono ngati ulusi. Tsiku lina umodzi udzaphulika, kapena kutsekeka, munthu n'kufa mbali imodzi. Mapiritsiwa amagwira kanthu kaja dzanja. Koma inu mukamathira mchere mumphika, mukukapatsa mphamvu. Ndiye tigawane ntchito. Ine mapiritsi, inu mphika."

Ine sukulu sindinapondeko, koma za mphika sindifuna wondibwerezera kawiri. Kuyambira tsiku lomwelo mchere unatuluka mumphika mwanga. Ndinkauika pakambale kuti ana azidzithirira okha, kambaleko kutali ndi dzanja la bambo awo.

"Kodi ng'ombe imeneyi inafa ndi chisoni?" anafunsa atalawa nyama tsiku loyamba.

"Adokotala aletsa mchere."

"Ine sindinamve zimenezo."

"Munali kuwindo."

Ankadandaula, koma ankadya. Kapiritsi kawo koyera ankamwa, ine ndikuona. Mutu wa kunkhongo unasiya, kamfuno osabweranso. Ndinati tapulumuka.

Patapita masabata angapo anayamba kutsokomola. Chifuwa chouma, chopanda makhololo, chongokanda pakhosi. Khe! Khe! Pakudya, pogona, ngakhale m'tchalitchi abusa ali pakati pa pemphero.

Ana a lero simungadziwe kuti chifuwa chinali chiyani zaka zimenezo. Mu mzere wathu wa nyumba sabata sinkatha osamva kulira. Matenda ake sitinkawatchula dzina, tinkangoti a masiku ano, ena ankati kaliwondewonde. Munthu akayamba kutsokomola, anthu ankayamba kumuyeza ndi maso, ndipo akamaliza iye ankayeza mkazi wake. Pampopi pamene tinkatunga madzi, azimayi ankandipatsa moni wautali kuposa kale. "Nanga abambo adzuka bwanji? Tinawamva usiku." Mawu okoma, koma maso ali m'mikono mwanga kuona ngati ndayamba kutha.

Nanenso ndinayamba kuwayeza amuna anga. Ndisaname. Akavula malaya ndinkanunkhiza kolala ndisanaviike m'madzi. Lamba wawo ndinkamuyang'ana kuti akumangira pa bowo liti, ndipo atasunthira pa bowo lamkati mtima unandigunda, osaganiza kuti munthu wodya ndiwo zosakolera amachepetsa yekha mbamu. Tsitsi lawo ndinkaligwira ngati ndikuchotsa kachitsotso, koma ndikufuna kumva ngati layamba kufewa. Ndinkakumbukira Lachisanu lililonse limene anachedwa. Pabedi ndinayamba kugona nditayang'ana kukhoma.

"Bwererani kukiliniki akakumveni chifuwachi," ndinawauza.

"Mukufuna ntchito indithere? Kumene kuja akangokumva ukutsokomola, sizoni ikatha dzina lako silibwereranso." Kaya zinali zoona, kaya anali mantha a anyamata a m'mashedi, sindikudziwa. Mapiritsi akatha ankangokatenga pawindo, chifuwa atachimeza, osalowa kwa adokotala. Ine m'mtima ndinkati, akuopa kuyezedwa magazi, akudziwa kumene anayenda.

Khoma limodzi ndi ife kunkakhala banja la ku Mpoto. Mayi ake anali mphunzitsi, ankalawira m'mamawa. Bambo ake, mkulu wa mpingo, munthu wa imvi ndi ulemu wake, anali atapuma pantchito. Ndikamasesa pabwalo ankatulukira ndi kapu ya tiyi n'kundilonjera m'chiyankhulo cha kwawo, "Mwawuka uli, amama?" Ine, pofuna kusangalatsa mnansi, ndinaphunzira kuyankha kuti, "Nawuka makora, kwali imwe." Chitumbuka changa chonse chinathera pomwepo. Zina zimene zinali pakati pa ine ndi bambo amenewo palibe, kupatula tsiku lina pamene anandithandiza kutula thumba la makala.

Mbiri ya chifuwa inafika ku Dedza. Sindikudziwa anaitenga ndani, ngakhale ndili ndi amene ndimamuganizira. Tinangoona alamu anga, achemwali awo aakulu a abambowo, atulukira ndi thumba la mbatata ya kachewere pamutu. Anali mayi wamasiye, wamtali, wosaseka wamba, ndipo kwawoko anali namkungwi, wolangiza atsikana ndi maanja atsopano. Mwambo uliwonse wa m'nyumba ankaudziwa mutu ndi mchira.

Madzulo ndinaphika nyemba ndi nkhwani wotendera. Tinakhala pansi. Alamu anatema mbamu, kusunsa, kuika m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono. Anasunsa m'mbale inayo, kulawanso. Kenaka anasamba m'manja.

"Alamu, mchere unakwera mtengo m'tauni muno?"

"Ulipo, alamu. Uwo uli pakambalepo. Thirani m'mbale mwanu."

"Ndithire ine? Mwini mphika ali pomwepa?"

Ndinafotokoza za adokotala, za impso, za mitsempha yonga ulusi. Anamvetsera osaphethira. Nditamaliza anatembenukira kwa mlongo wawo.

"Achimwene, mawu amenewa munawamva ndi makutu anu?"

Abambo anatsokomola kaye. "Ine ndinali kuwindo."

"Oho," anatero alamu. Sanadyenso.

Kwa amene simunakule ndi mwambowu, ndikuuzeni. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amaitana mwana kuti amuthirire. Zimenezo ndi za masiku ochepa, aliyense amadziwa. Koma palinso chifukwa china. Mkazi akayenda ndi mwamuna wa kunja, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amamutsempha. Ena amati kumudula. Mwamunayo amayamba chifuwa, kuwonda, kutupa mapazi, mapeto ake manda. Ndiye mkazi wochenjera amene ali ndi chibwenzi amapeza njira yozembera mchere. Tsono ine za kumwezi zinali zitandisiya kale. Mayi wa msinkhu wanga, wosathira mchere miyezi yathunthu, mwamuna wake akutsokomola ndi kuwonda: kwa namkungwi nkhaniyo inali yowerengeka ngati mapazi a mbuzi pamatope.

M'mawa mwake ndikusesa, bambo a ku Mpoto aja anatulukira ndi kapu yawo. "Mwawuka uli, amama?" Pakamwa panga panayankha pokha ndisanaganize. Nditacheuka ndinapeza alamu ataima pakhomo, mswachi uli m'kamwa.

"Mwafika pophunzira ndi chiyankhulo chomwe," anatero atalavula. "Sukulu yake imalowa nthawi yanji? Amayi a kunyumbako akapita kuntchito?"

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munalowa kunong'ona. Ndikalowa, nkhani imaduka. Ndikapita kumsika, pobwera ndimafunsidwa kuti tomato yekhayu ndiye watenga nthawi yonseyi? Abambo anayamba kundiyang'ana momwe ine ndinkawayang'anira. Tsiku lina ndinawapeza akununkhiza mpango wanga. Anthu awiri pabedi limodzi, aliyense akuti mnzangayu ndiye wabweretsa imfa m'nyumba, koma palibe wotsegula pakamwa.

Lamulungu titabwerako kutchalitchi, alamu anathamangitsa ana kuti akasewere. Nkhuku inali pambaula. Anatenga chibotolo cha mchere n'kuchiika patsogolo panga, abambo atakhala pampando wawo pakhonde.

"Alamu, tisavutane. Ngati thupi lanu lili loyera, tapani mcherewu ndi dzanja lanu, muthire mumphikamo, achimwene adye ife tikuona. Mukatero ine mawa ndikwera basi, ndipo ndipepesa ndi nkhuku. Mukakana, mwayankha nokha."

Ndinatapa. Mchere unali m'dzanja langa, mphika ukubwata pansi pake. Kutsegula zala zokha, dzina langa likanayera. Koma ndinkadziwa kuti si za tsiku limodzi. Ndikathira lero ndiye kuti ndizithira mawa ndi mkuja, pakuti tsiku limene ndidzasiye adzati wayambiranso. Mawu a adokotala anandibwerera, inu mphika. Ndinayang'ana amuna anga kuti mwina anena kanthu. Anali kuyang'ana zikhadabo zawo.

"Bambo, inu mukuti bwanji?"

"Thirani, mayi. Ngati palibe chimene mukuopa."

Pamenepo mkwiyo unandikwera. Ine woyesedwa ndi ine? Wa Lachisanu uja atakhala pampando ngati woweruza? Ndinabwezera mchere uja m'botolo, n'kupukuta dzanja pachitenje.

"Sindithira. Wofuna kuyesedwa ayambe ndi amene akutsokomolayo, akayezetse magazi."

Alamu anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva nokha, achimwene."

Tsiku lomwelo anandilanda mthiko. Anati dzanja langa lisakhudzenso chakudya cha mlongo wawo. Ine ndinasamukira kuchipinda kwa ana. Uthenga unatumizidwa kwa ankhoswe, mlongo wanga ku Mulanje ndi amalume awo ku Dedza, kuti akamaliza kukolola abwere adzamve mlandu. Alamu ankaphika ndi dzanja lolemera, mchere wochita kuluma lilime, ati kubwezera mphamvu zimene ndinawalanda abambowo. Anapita kwa sing'anga wina ku Mgona n'kubwerako ndi mizu ya tsempho, yomwera m'phala, nayonso yothira mchere. Mapiritsi aja ankakhala pawindo la kuchipinda. Tsiku lina posesa ndinapeza palibe.

"Mapiritsi mukumwa?" ndinawafunsa abambo pamene ankapukuta nsapato.

"Ali kuntchito. Kodi zikukukhudzaninso?"

Ndiye tamverani chimene chinandithyola msana. Pasanathe nthawi yaitali, chifuwa chija chinasiya. Chinasiyiratu. M'nyumba munangoti zii. Abambo anayambanso kudya ngati kale, masaya kubwerera, lamba kubwerera pa bowo lake lakale. Alamu ankayenda mu mzere wathu ngati mwini malo. Pampopi nkhani inasintha. Sanalinso kuyang'ana mikono yanga, tsopano ankakankha zidebe zawo kuti zisagundane ndi changa. Mayi mphunzitsi uja anasiya kundiyankha moni, amuna awo tiyi ankamwera m'nyumba. Ine ndemwe, ndikagona pamphasa pakati pa ana, ndinkadzifunsa kuti kodi n'kutheka munthu kutsempha mwamuna wake osachimwa? Kodi thumba la makala lija, manja athu atagundana? Munthu akakunenera chinthu anthu onse n'kuvomereza, umayamba kudzifufuza m'matumba ngati wakuba.

Linali tsiku la ntchito, m'mawa. Abambo anali atavala kale, akumwa tiyi pakhonde. Ine ndinali kuchapa kuseri. Ndinamva kapu ikusweka, kenaka alamu akukuwa. Nditathamangira ndinawapeza atapendekera kumanja pampando, tiyi ali pathalauza, pakamwa patakhotera mbali imodzi, dovu likutsika. Diso limodzi linkandiyang'ana. Ankayesa kulankhula koma kunkangotuluka mpweya.

"Hamala!" anakuwa alamu. "Amumenya hamala!"

Ndi mmene anthu ankanenera munthu akagwa chotero, kuti afiti amumenya ndi hamala yosaoneka kunkhongo. Anthu anadzaza pabwalo. Alamu anandiloza. "Waona kuti zaululika, ndiye wati angomaliza!"

Amene anathamanga kukapeza galimoto anali bambo a ku Mpoto omwe aja. Anabwera ndi kapikapu ka munthu wa kumpingo kwawo, n'kuwanyamula abambo kumapewa, anyamata awiri atagwira miyendo. Alamu ali m'galimoto ankalankhula okha, "Taonani, mpaka kudzanyamula yekha. Manyazi alibe."

Kuchipatala chachikulu odwala anali mpaka pansi. Tinapeza bedi tsiku lachiwiri. Agadiyani tinali awiri, ine mbali iyi, alamu mbali iyo, aliyense akulondera mnzake. Ndikawapukuta pakamwa, alamu ankabwerezanso ndi nsalu yawo. Iwo akawamwetsa madzi, ine ndinkanunkhiza kapu.

Dokotala wa muwodimo anali mtsikana, wotopa, wolankhula mofulumira. Atawayeza pamkono anafunsa ngati ankadziwika kale kuti ali ndi bipi. Ndinati inde. Anafunsa ngati ankamwa mankhwala.

"Ndinataya m'chimbudzi," anayankha alamu, mutu uli m'mwamba. "Sayenderana ndi mankhwala achikuda. Ndipo nditataya, n'kumupatsa mizu, chifuwa chinatha."

Dokotala uja anasiya kulemba. Anafunsa kuti chifuwa chake chinali chotani, chinayamba liti. Ndinamuuza: chouma, chokanda pakhosi, chinayamba atamwa mapiritsi masabata angapo. Ndinamufotokozeranso maonekedwe a kapiritsiko. Anatseka maso kanthawi.

"Mapiritsi amtundu umenewo amatsokomoletsa anthu ena," anatero. "Si matenda ayi. Akanabwerera kukiliniki akanangowasinthira ena. Chifuwa chinatha chifukwa anasiya kumwa. Koma atasiya, chimene mapiritsiwo ankachigwira chinamasuka, magazi n'kuyambanso kukankha. Nanga mchere ankadya?"

Ine ndinayang'ana alamu, alamu anayang'ana pawindo.

Dokotala anatiuza kuti mtsempha wina mu ubongo, mbali ya kumanzere, waphulika kapena watsekeka, mkatimo sakanatha kuonamo. Mbali imeneyo ndi imene imayendetsa dzanja ndi mwendo wa kumanja, ndiponso mawu. Anati pamene pafa pafa, koma pozungulira bala pali potupa pamene pangathe kuchira kapena kufa nawo, ndipo kanthu kofinya mitsempha kaja sikasiya ntchito chifukwa choti munthu wagwa, kamapitiriza kuvutitsa malo ovulalawo. Ndiye magazi ayenera kutsitsidwa mwapang'onopang'ono, ndipo akatuluka, mapiritsi ndi a moyo wonse. "Mchere ayi," anatero akuyang'ana tonse awiri. "Zikachitikanso kachiwiri sitidzawabweza."

Ine ndinkayesa kuti pamenepo nkhani yatha. Dokotala atangochoka, alamu anaweramira kwa ine pamwamba pa mlongo wawo.

"Munakumana naye kuti kamtsikana kameneka? Dzulo munatuluka nthawi yaitali, mumati mukukachapa."

Koma abambo anali maso nthawi yonseyo. Diso lawo labwino lija linali kuyenda, kwa dokotala, kwa achemwali awo, kwa ine. Kaya ankamva, kaya ayi, panthawiyo sindinadziwe.

Anatuluka mwendo akuukoka, dzanja lamanja litapindikira pachifuwa. Mawu onse anawathawa, kunangotsala limodzi: "Chabwino." Ukawafunsa ngati akufuna madzi, chabwino. Akamva kuwawa, chabwino. Akakwiya ankalinena mokuwa, misozi ikutsika. Ntchito inathera pomwepo.

Ankhoswe anafika monga anapangana. Tinakhala pakhonde, abambo pampando wawo atatsamira pilo. Alamu anayala mlandu wonse, kuyambira nyemba zosakolera mpaka moni wa Chitumbuka, n'kumaliza ndi kuti akuwatenga achimwene awo kupita nawo ku Dedza, ine ndione msewu wa ku Mulanje. Ine ndinayala wanga. Mlongo wanga anati za chipatala zamveka. Amalume awo, nkhalamba yosafulumira, anati za makolo nazonso si zamasewera, ndipo mwini nkhani ndi uyu wakhala apayu, afunsidwe.

"Mphwanga, upite ku Dedza ndi mlongo wako?"

"Chabwino."

Alamu anamwetulira.

"Kapena utsale kuno ndi mkazi wako?"

"Chabwino."

Mlongo wanga anaseka mosafuna, n'kudzigwira pakamwa. Dzuwa linapendeka tikungozungulira pamodzimodzi. Kenaka amalume anati njala siweruza mlandu, tidye kaye.

Alamu anali ataphikira alendo nkhuku, yokolera bwino monga mwa dzanja lawo. Ine, chitulukire kuchipatala, ndinkaphika kamphika kanga pambali, kopanda mchere, ngakhale kawirikawiri alamu ankakabweza pakhomo la kuchipinda. Tsiku limenelo kanali ka nyemba. Alamu anaika mbale ya nkhuku pakatebulo patsogolo pa mlongo wawo. Ine ndinaika yanga pambali pake. Ndinati ibwezedwe anthu akuona.

Abambo anayang'ana nkhuku ija nthawi yaitali. Munthu uja ankaikonda nkhuku, makamaka msuzi wake. Anatukula dzanja lamanzere, losazolowera. Linafika pa mbale ya nkhuku n'kuikankha. Msuzi unatayikira pansi. Kenaka anakoka mbale ya nyemba mpaka m'mphepete mwa tebulo, anatembenuzira nkhope kwa ine, n'kutsegula pakamwa pawo pokhota paja ngati mwana wa mbalame.

Ndinasamba m'manja, kutema kambamu kakang'ono, kusunsa, kuwaika m'kamwa. Anatafuna, n'kutsinya nkhope momwe ankachitira kale ponena za ng'ombe yofa ndi chisoni. Anameza. Anatsegulanso.

Amalume anatenga chipewa chawo n'kuchiika pabondo. "Ine ndaona. Munthu sadya m'dzanja limene akuti linamudula."

"Mutu wake sukuyenda bwino ameneyu," anatero alamu.

"Ungakhale sukuyenda, koma mbale waisankha yekha."

Alamu anakwera basi m'mawa mwake. Nkhuku yopepesera ija sindinailandire mpaka alamuwo anamwalira. Akabwera kudzazonda ankafika ndi mchere wawo atamanga pa mfundo ya chitenje, ndipo chakudya changa ankachinunkhiza asanadye. Anthu a mu mzere wathu ena anabwerera kudzapempha moto ngati kale, ena anapitiriza kukankha zidebe. Banja la ku Mpoto linasamukira ku Chigwirizano chaka chisanathe, osatsanzika.

Abambo ndinawasunga zaka zingapo ndithu. Tinasamukira m'kanyumba kotchipa, ine ndikugulitsa mandasi ndi makala, ana akuluakulu akuthandiza. Mapiritsi anawasinthira ena osatsokomoletsa, ndipo ndinkawaika ndekha palilime, n'kuyang'ana m'kamwa ngati ameza. Koma chimene anasankhira mbale yanga tsiku lija sanathe kundiuza. Kodi anakhulupirira kuti ndinali woyera? Kapena anangomva mawu a dokotala uja, n'kuopa imfa, n'kuona kuti wodziwa kuphika zosakolera ndi ine? Ndinkawafunsa tikakhala awiri. Ankati chabwino.

Za Lachisanu nazo sindinazimve. Koma tsiku lina masana kunabwera mayi wina amene sindinamuonepo, wovala bwino, wonenepa, wodzola mafuta onunkhira. Anati ankagulitsa zakumwa kufupi ndi kumene abambo ankatsikira minibasi, wamva mochedwa kuti akudwala, wati adzawaone kasitomala wake wakale. Ndinamupatsa mpando. Abambo atamuona anawongoka pampando, dzanja lamanzere likukonza kolala.

"Chabwino," anatero, mwa mtundu wina umene ine sindinaumvepo.

Inali nthawi ya chakudya, ndipo mlendo sabwezedwa ndi njala. Ndinamugawira ndiwo za mumphika wa abambo, mpiru wopanda ngakhale kambewu kamodzi ka mchere. Kambale ka mchere ndinakasiya dala kukhitchini. Ndinakhala moyang'anana naye, maso anga ali pakamwa pake.

Anadya mbale yonse. Sanatsinye nkhope, sanafunse mchere, sanadabwe n'komwe. Aliyense wolawa ndiwo zanga koyamba ankadabwa, ngakhale abusa. Uyu ayi. Anasamba m'manja, kuthokoza, n'kunena kuti, "Mukuwasamala bwino, amayi. Pitirizani choncho, mchere ndi woipa kwa iwowa."

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu. Pobwerera ndinaima pakhomo, n'kuwayang'ana abambo ali pampando wawo, maso ali kumene mayi uja analowera.

"Bambo," ndinatero, "za mchere anamuuza ndani ameneyu? Si paja inu munali kuwindo?"